Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: mbiri ya Bluefin Robotics

Mumzinda wa Quincy, kum'mwera pang'ono kwa Boston m'dziko la America, muli doko lakale la Fore River kumene kwa zaka zambiri ankakhomako sitima zikuluzikulu zankhondo ndi zonyamula katundu. Ntchito yokhoma sitimayo inatha mu 1986, pamalopo n'kuti zii. Lero padoko lomwelo pamatsitsidwa m'madzi sitima za mtundu wina. Ndi zazing'ono, zooneka ngati chinsomba chopanda maso, mulibe mpando wa woyendetsa, ndipo palibe chingwe chozimangirira ku bwato. Akangoziponya m'madzi zimamira zokha, zimagwira ntchito zokha mumdima wa pansi pa nyanja, ndipo zikamaliza zimavuuka zokha. Akatswiri amazitchula mwachidule kuti ma AUV. Ife tingoti maloboti oyenda okha pansi pa madzi.

Eni ntchitoyi ndi a Bluefin Robotics, kampani imene inabadwa mu 1997 kuchokera m'labotale ya yunivesite ya Massachusetts Institute of Technology, yodziwika kuti MIT. Mbiri yake ili ndi phunziro kwa aliyense wofuna kudziwa mmene nzeru yotulukiridwa pasukulu imafikira m'manja mwa anthu ogwira ntchito. Kutulukira chinthu ndi chiyambi chabe. Ntchito yaikulu, imene siimbidwira ng'oma, ndi kuchikonza kuti chizigwira ntchito lero, mawa ndi mkuja m'manja mwa munthu amene sanachipange.

Kumene wailesi sifika

Ndege yopanda woyendetsa ikakhala mumlengalenga imalankhulana ndi mwini wake pa wailesi, ndipo GPS imaiuza pamene ili. Pansi pa nyanja zonsezi palibe. Madzi amchere amameza mafunde a wailesi asanapite patali, kotero GPS imathera pamwamba pa madzi. Kuwala kwa dzuwa nako kumanka kuzilala, ndipo ukapitirira mamita 1,000 kuli mdima wandiweyani. Chimene chimayenda bwino m'madzi ndi phokoso, mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, koma uthenga umene phokoso linganyamule ndi wochepa kwambiri. Lingakuuze kuti loboti ili moyo ndipo ili pakuti, koma silingakutumizire zonse zimene ikuona kuti uziiwongolera uli m'bwato.

N'chifukwa chake kwa nthawi yaitali akatswiri ankadalira chingwe. Ankamangirira makina ku chingwe chachitali, munthu n'kumawawongolera ali m'sitima. Njirayi ikugwirabe ntchito mpaka lero, koma imafuna sitima yaikulu, anthu ambiri ndi ndalama zankhaninkhani tsiku lililonse. Sitima yokoka chipangizo pa chingwe cha makilomita angapo imatha maola ikungokhota. Ndipo kuli malo ena, monga pansi pa madzi oundana a kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene chingwe sichingapite nawe patali.

Kudula chingwecho kuli ngati kutuma mwana kutsidya la mtsinje kumene sungamuone ngakhale kumuitana. Uyenera kumuuziratu zonse asananyamuke. Akapeza mtsinje wadzaza atani? Dzuwa likapendeka asanafike atani? Akasokera atani? Funso lakuti "atani" ndilo phata la ukadaulo wowongolera maloboti amenewa, ndipo ndilo funso limene labotale ya pa MIT inalimbana nalo.

Chiyambi pa MIT

Mu 1966 boma la America linakhazikitsa ndondomeko ya Sea Grant yothandiza mayunivesite kufufuza za nyanja, ndipo MIT inali m'gulu la oyamba kulowamo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mkulu wa Sea Grant pa MIT, Pulofesa Chryssostomos Chryssostomidis, ndi a James Bellingham, amene anali atangomaliza maphunziro a PhD payunivesite yomweyo, anayambitsa labotale ya maloboti oyenda okha pansi pa madzi. Sikuti iwo ndi amene anayamba kuganiza za makina otere. Yunivesite ya Washington inali itapanga kale loboti yotchedwa SPURV mu 1957. Chatsopano chinali mtima umene anabwera nawo: loboti ikhale yaing'ono ndi yotsika mtengo. Iwo ankaona kuti chinthu chikadula mopitirira, mwini wake amachita nacho mantha, ndipo sachitumiza kumalo oopsa kumene sayansi ikuchifunadi.

Loboti yawo yoyamba, Sea Squirt, inali yotalika pafupifupi mita imodzi, ndipo ankaiyesa mumtsinje wa Charles umene umadutsa pakhomo pa yunivesiteyo. Pa kaloboti kameneka ndi pamene anaphunzirira kasanjidwe ka maganizo a makina. Anabwereka nzeru kwa katswiri wina wa pa MIT pomwepo, a Rodney Brooks, amene mu 1986 anasonyeza kuti loboti siifunika pulogalamu imodzi yaikulu yodziwa zonse. Ingathe kuyenda ndi timapulogalamu tambiri, kalikonse koona chinthu chimodzi, tosanjikizana potsata ukulu wake.

Tiyerekeze kuti loboti yauzidwa kuyenda mizere ngati munthu wounga m'munda, ikujambula nthaka ya pansi pa nyanja. M'kompyuta yake muli ngati bwalo la alangizi. Wina ntchito yake ndi kutsata mzere, ndipo amati tipite chakumpoto. Wina amayang'ana kutalika kwa pakati pa mimba ya loboti ndi nthaka, ndipo akaona chulu kutsogolo amati tikwere. Wina amayang'ana kuya, ndipo salola kupitirira malire amene thupi la loboti lingapirire. Winanso amawerenga nthawi ndi mphamvu yotsala m'mabatire. Onse amalankhula kangapo pa sekondi, koma mawu awo salemera mofanana. Wotsata mzere ali pansi, oteteza moyo wa loboti ali pamwamba. Akatsutsana, wapamwamba ndi amene amamveka. Ubwino wa njirayi ndi wakuti ofufuza ankatha kuwonjezera mlangizi watsopano wa ntchito yatsopano popanda kugwedeza aja osunga moyo.

Kenako kunabwera maloboti a dzina la Odyssey, otalika mamita awiri ndi pang'ono. Kapangidwe kake kanali kanzeru. M'malo mopanga thupi lonse lachitsulo cholimba, anapanga chikopa chopepuka cha pulasitiki chimene madzi amalowa ndi kutuluka mwaufulu. M'kati anaikamo mipira iwiri ya galasi lochindikala, uliwonse masentimita 43 m'mimba mwake, ndipo m'mipiramo ndi mmene munkakhala kompyuta ndi mabatire. Mipira yotere ofufuza za nyanja ankaigwiritsa kale ntchito ndipo inali yosadula, koma inkapirira mphamvu ya madzi mpaka mamita 6,000.

Maloboti amenewa anayenda. Mu 1993 Odyssey inalowa m'nyanja ya ku Antarctica. Mu 1994 Odyssey II inamira pansi pa madzi oundana a ku Arctic, kumpoto kwa Alaska. Mu 1996 anali ku Haro Strait, m'malire a America ndi Canada, kuyeza mmene madzi a mitsinje amasakanikirana ndi a nyanja. Mu 1997 anapita ku Kaikoura ku New Zealand kukasaka chinyama cha mikono italiitali chotchedwa giant squid, ngakhale sanachione. Mu 1998 anali m'nyanja yolusa ya Labrador m'nyengo yozizira, kuyesa zoti loboti izipita yokha pa siteshoni yozikidwa m'madzi kukasiya zimene yapeza. Ulendo uliwonse unkaulula chofooka china, ndipo chofooka chilichonse chinkabala lamulo latsopano m'kompyuta.

Kutuluka m'dziwe

Ndalama zambiri za ntchitoyi zinkachokera ku Office of Naval Research, ofesi yoona za kafukufuku ya asilikali a pamadzi a America. Mu 1993 akatswiri anayi, mmodzi wa iwo a Bellingham, anafalitsa ganizo lakuti nyanja iziyezedwa ndi maloboti ambiri ogwirira ntchito pamodzi, osati sitima imodzi yodula. Ganizo linali labwino, koma linabala funso: maloboti ambiriwo apanga ndani?

Yunivesite siinakhazikitsidwe kuti ikhale fakitale. Wophunzira salandira digiri chifukwa chopanga loboti yachisanu yofanana ndendende ndi yachinayi. Amalandira chifukwa chopeza chatsopano, ndipo akamaliza amanyamuka, zina mwa zimene amadziwa zili m'mutu mwake mokha. Loboti ya m'labotale imayenda bwino pamene amene anailumikiza mawaya ali pambali pake, akudziwa pogogoda ikavuta. Wogula safuna zimenezo. Amafuna makina, buku lake, zida zosinthira, ndi munthu woyankha foni zinthu zikavuta pakati pa nyanja.

Khomo lotulukira linalipo kale. Lamulo la Bayh-Dole la mu 1980 linapatsa mayunivesite a ku America ufulu wokhala eni a zinthu zotulukiridwa ndi ndalama za boma, ndiponso wolola makampani kuzigwiritsa ntchito. Chotero mu 1997 a Bellingham ndi a Frank van Mierlo, pamodzi ndi mainjiniya ena a m'labotale ija, anakhazikitsa Bluefin Robotics, dzina lotengedwa ku mtundu wina wa nsomba ya tuna yodziwika ndi liwiro ndi maulendo ataliatali. A van Mierlo ndi amene anakhala mkulu woyendetsa kampani. Anayambira m'nyumba yakale yosungiramo katundu ku Cambridge, pafupi ndi yunivesite. Chimene chinasamuka sichinali mapepala ndi mapulogalamu okha. Anasamuka ndi anthu amene anagonapo m'sitima, amene anadikirapo loboti mtima uli m'mwamba osadziwa ngati ibwerera.

Zaka zoyamba sizinali zophweka. Msika unali waung'ono, ndipo ogula ambiri anali asanakhulupirire kuti angaponye m'nyanja chinthu chodula chopanda chingwe n'kuchionanso. Opikisana nawo analinso maso. Ku Norway, loboti ya HUGIN inayamba kugwira ntchito yolipidwa yoyeza njira ya mapaipi mu 1997 momwemo. Kufupi ndi kwawo, akatswiri a ku Woods Hole Oceanographic Institution anatulutsa loboti yawo ya REMUS kupita nayo ku kampani ya Hydroid mu 2001. Komanso nyanja yokha ndi mphunzitsi wankhanza. Mchere umadya chitsulo, kadontho kamodzi kolowa polumikizira mawaya kamathetsa ulendo wonse, ndipo pulogalamu imene inayenda bwino maulendo 20 ikhoza kukumana ndi chachilendo pa ulendo wa 21.

Mu 1999 a Bellingham anasamukira ku Monterey Bay Aquarium Research Institute ku California kukatsogolera nthambi ya uinjiniya. Ubale sunathe. Bungwelo ndi Bluefin anagwirizana pokonza m'badwo watsopano wa maloboti, umene ku Monterey unatchedwa Dorado ndipo ku kampani unakula kukhala Bluefin-21.

Zimene kampani inasintha

Manambala a pa maina a maloboti a Bluefin, 9, 12 ndi 21, amanena za kukula kwa thupi m'mimba mwake pa muyezo wa mainchesi. Yaikulu, Bluefin-21, ndi masentimita 53 m'mimba mwake, yotalika pafupifupi mamita asanu, yolemera makilogalamu 750, ndipo imatha kuyenda maola 25 isanafune mabatire ena. Kampani inasunga nzeru ya Odyssey yolola madzi kulowa m'thupi, koma inakonza zinthu zingapo zimene wogula amaziona kukhala zofunika kuposa mmene wofufuza amazionera.

Choyamba, thupi linagawidwa zigawozigawo zolumikizika. Mutu, pakati ponyamula zipangizo, mabatire ndi mchira zimamasulidwa, kuikidwa m'mabokosi ndi kukwezedwa ndege. Wofuna kujambula nthaka ndi sonar, chipangizo choona pogwiritsa ntchito phokoso, amaika chigawo cha sonar, wofuna zithunzi amaika cha kamera. Chachiwiri, anapanga mabatire a lithium omizidwa m'mafuta, opirira okha mphamvu ya madzi popanda kuwatsekera m'botolo lachitsulo. Loboti ikatuluka m'madzi amangosolola mabatire otha, n'kulowetsa odzaza, ulendo n'kupitirira. Mabatire amenewa anasanduka malonda paokha, ogulidwa ndi ena opanga makina a pansi pa madzi. Chachitatu, m'malo mwa zipsepse zambiri zosachedwa kuthyoka, kumchira anaikako chopalasira chimodzi chozingidwa ndi mkombero, chimene chimapendekera uku ndi uku. Chomwecho chimakankha, chomwecho chimawongolera.

Nanga loboti imadziwa bwanji pamene ili? Ikadali pamwamba imafunsa GPS komaliza. Ikamira, kachipangizo kena kamawerenga kukhota kulikonse ndi kusintha kulikonse kwa liwiro. Ikayandikira pansi, chipangizo china chimaponya phokoso mbali zinayi ndipo pomva mmene labwerera chimadziwa liwiro la loboti poyerekeza ndi nthaka. Kompyuta imaphatikiza zonsezi n'kumadziwerengera mtunda, ngati munthu woyenda usiku amene akuwerenga mapazi ake. Kulakwitsa kwakung'ono kumanka kukula, choncho sitima ya pamwamba imatha kutumiza kaphokoso kokonza mawerengedwewo. Zinthu zikafika poipa, loboti imataya chitsulo cholemera chimene imanyamula, n'kuyandama. Ikafika pamwamba imayatsa nyali yothwanima ndi kutumiza uthenga pa setilaiti wonena pamene ili.

Ntchito ina yaikulu, yosaoneka ndi maso, inali pa mapulogalamu a woyendetsa. M'labotale, ulendo unkakonzedwa ndi munthu wodziwa chinenero cha kompyuta. Kampani inakonza zoti msilikali kapena woyeza malo azingojambula mizere pa mapu, kompyuta n'kumuchenjeza ngati walamula zosatheka, ndipo asanaponye loboti m'madzi azitsata mndandanda woyesa chiwalo chilichonse. Apa ndi pamene nzeru ya pa yunivesite inasandukadi chida.

Kukula ndi kusintha manja

Ogula oyamba anali a mitundu itatu: asilikali a pamadzi ofuna kupeza mabomba otcheredwa m'nyanja, makampani oyeza nthaka ya pansi pa nyanja asanayale mapaipi a mafuta ndi gasi, ndi mabungwe a kafukufuku. Mogwirizana ndi MIT, kampani inapanganso loboti ya mtundu wina yotchedwa HAUV, imene imatha kuima malo amodzi m'madzi ndi kuyenda chammbali. Ntchito yake ndi kuyendera kunsi kwa sitima zoima padoko, kufufuza ngati wina wamatapo bomba. Kale ntchito imeneyi inali ya anthu omira, opapasa ndi manja m'madzi akuda.

Mu 2005 kampaniyi inagulidwa ndi Battelle Memorial Institute, bungwe lalikulu la kafukufuku losafuna phindu la ku Columbus, Ohio. Mu 2010 inasamuka ku Cambridge kupita ku Quincy, kumene inapeza malo aakulu ndi doko pakhomo, kotero kuti loboti yolumikizidwa m'mawa ikhoza kuyesedwa m'nyanja tsiku lomwelo. Mu 2013 inagula SeeByte ya ku Edinburgh ku Scotland, kampani ya mapulogalamu imene nayonso inabadwira pa yunivesite, m'labotale ya Heriot-Watt, mu 2001. Mitsinje iwiri yochokera m'masukulu a maiko awiri inakumana kwa kanthawi m'nyumba imodzi.

Mwana atatuluka m'dziwe, kholo silinaleke kubala. Pa MIT, a Paul Newman analemba mu 2001 pulogalamu ya MOOS yolumikiza ziwalo za loboti, ndipo a Michael Benjamin anawonjezera IvP Helm, imene m'malo mongomvera mlangizi wamkulu imayeza zofuna za alangizi onse n'kusankha njira yokomera ambiri. Mapulogalamuwa ndi aulere kwa aliyense. Kuchokera apa kunakhazikika kagawidwe ka ntchito kamene akatswiri amakayerekeza ndi mipando iwiri ya m'galimoto. Kutsogolo kumakhala kompyuta ya kampani, yogwira chiwongolero ndi kusunga malamulo a chitetezo. Kumbuyo kumakhala kompyuta ya wofufuza, yopempha kuti tipite uku, titsike apa. Wakutsogolo amamvera, pokhapokha pempholo likaika loboti pa ngozi. Motero yunivesite imayesa nzeru zatsopano pa makina odalirika, kampani n'kumaona nzeru zimene zakhwima. Ofufuza a MIT anatenga Bluefin-21 yawo yotchedwa Macrura kukaimiza pansi pa madzi oundana a ku Arctic mu 2016 ndi mu 2020, kudera limene Odyssey II inayambira mu 1994.

Masabata asanu ndi limodzi m'nyanja ya Indian

Dziko lonse linamva dzina la Bluefin mu 2014. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, ndege ya Malaysia Airlines MH370 inasowa ndi anthu 239 ikuchoka ku Kuala Lumpur kupita ku Beijing. Kumayambiriro kwa Epulo, sitima ya ku Australia ya Ocean Shield inamva maphokoso amene ankaganiziridwa kuti akuchokera ku bokosi losunga mawu la ndegeyo, kutali kumadzulo kwa Australia. M'sitimamo munali Bluefin-21 yoyendetsedwa ndi kampani ya Phoenix International m'malo mwa asilikali a pamadzi a America.

Pa 14 Epulo anaitsitsa m'madzi. Dongosolo linali lakuti itenge maola awiri kutsika, maola 16 kujambula pansi, maola awiri kukwera, ndipo maola anayi akhale okopera zimene yapeza ndi kuikonzekeretsanso. Koma patangopita maola pafupifupi asanu ndi limodzi, loboti inavuuka. Nthaka imene inkatsata inatsetsereka kupitirira mamita 4,500, malire a kuya kumene inapangidwira. Kuya kumeneko ndi kopitirira kasanu ndi kamodzi malo akuya kwambiri a nyanja ya Malawi, ndipo kumeneko kamalo kakang'ono ngati chikhadabo kamasenza kulemera kwa matumba 9 a chimanga a makilogalamu 50. Mlangizi wotsata nthaka ankati titsikebe, woteteza moyo anati ayi, ndipo mawu a woteteza moyo ndi amene anamveka. Ambiri anaona ngati makina alephera. Kunena zoona, loboti inachita chimene makolo ake a mumtsinje wa Charles anaphunzitsidwa: kubwerera kuli patsogolo pa kumaliza ntchito. Mainjiniya ataunika bwino anasuntha malirewo pang'ono, ndipo pa ulendo wina inafika mamita 4,695.

Inapitiriza kumira maulendo ambiri mpaka pa 28 Meyi, n'kujambula dera loposa masikweya kilomita 850. Ndegeyo sinaipeze, ndipo akuluakulu a kusakako analengeza kuti m'deralo mulibe. Kwa abale a anthu 239 aja uwu sunali uthenga wotonthoza, ndipo palibe luso la makina limene lingachepetse chisoni chawo. Koma kunena motsimikiza kuti "muno mulibe" ndi ntchito yofunika pa kusaka, ndipo kunatheka chifukwa makina anapita ndi kubwerera kambirimbiri, akudziwa bwino pamene adutsa. Mu 2017 asilikali a pamadzi a America anatumizanso loboti ya Bluefin-12D kukathandiza kusaka sitima yoyenda pansi pa madzi ya ku Argentina, ARA San Juan, imene inasowa ndi anthu 44.

Pansi pa General Dynamics

Mu Febuluwale 2016, Battelle inagulitsa Bluefin Robotics kwa General Dynamics Mission Systems, nthambi ya imodzi mwa makampani akuluakulu opanga zida za asilikali ku America, pamene SeeByte inatsala m'manja mwa Battelle. General Dynamics ndi yomwe inali mwini wa doko la Fore River pamene linkatsekedwa mu 1986, kotero inabwerera pakhomo pake pakale patapita zaka 30. Makampani awiriwa ankadziwana kale. Kuyambira mu 2011 ankagwirira limodzi ntchito ya Knifefish, loboti yomangidwa pa thupi la Bluefin-21, yonyamula sonar yotha kuzindikira mabomba okwiririka m'matope ndi obisala pakati pa miyala. Asilikali anavomereza kuti iyambe kupangidwa mu 2019, ndipo mu 2021 kunatsegulidwa malo oipangira ku Taunton, m'chigawo cha Massachusetts mmene mulinso Quincy.

Walira mvula walira matope. Ndalama za asilikali ndi zimene zinalera ukadaulo umenewu kuyambira pa yunivesite, ndipo ndi zomwe zinasunga kampani pamene msika wina unali wochepa. Koma mwini ndalama ndi amenenso amaloza njira. Loto la oyambitsa, la maloboti ambiri otsika mtengo otumikira sayansi, silinakhale phata la malonda a kampaniyi. Kuchotsa mabomba m'njira za sitima ndi ntchito yopulumutsa miyoyo ya asodzi, amalonda ndi omira, ndipo sitiyenera kuipeputsa. Komabe wolemba mbiri ayenera kunena poyera kuti chida chimene chinayamba ndi funso la ofufuza za nyanja lero chimayankha kwambiri mafunso a ankhondo. Yunivesite iliyonse yotulutsa nzeru zake kupita nazo ku msika iyenera kudziwiratu kuti wogula adzakhala ndi mawu pa kakulidwe ka mwanayo.

Mmene ilili lero ndi kumene ikulowera

Lero Bluefin Robotics si kampani yoima payokha. Ndi dzina la banja la maloboti m'nthambi ya General Dynamics Mission Systems yoona za panyanja. Ntchito yake imayenda m'magulu odalirana. Pali mainjiniya okonza thupi ndi zamagetsi, pali olemba mapulogalamu owongolera ndi olondolera njira, pali opanga mabatire, pali olumikiza ndi kuyesa makina m'fakitale. Palinso gulu la panyanja lotuluka ndi bwato kukayesa loboti iliyonse isanaperekedwe, ndi gulu lophunzitsa ogula, kuwatumizira zida zosinthira ndi kukonza zowonongeka.

Mu 2018 anatulutsa Bluefin-9 yokonzedwanso, yolemera makilogalamu pafupifupi 70, imene anthu awiri angainyamule n'kuiponya kuchokera m'bwato laling'ono. Mu 2019 kunatsatira Bluefin-12 yatsopano. M'maloboti amenewa, kabokosi kosunga zithunzi kamasololedwa pamodzi ndi batire, kotero wina akamaunika zimene zapezeka, loboti imakhala itabwerera kale m'madzi. Asilikali a pamadzi a ku Australia ndi ena mwa amene anagula mitundu iwiriyi.

Zolinga za lero zikutsata mzere womwe uja wa pachiyambi. Akufuna maloboti okhalitsa m'madzi, otha kuzindikira okha chimene aona m'malo modikira kuti munthu adzaone zithunzi pambuyo pake, otha kusintha njira akapeza chokayikitsa, ndi otha kugawana ntchito akakhala angapo. Malo ogwirira ntchito ndi aakulu. Mu 2023 ntchito ya Seabed 2030 inalengeza kuti gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a nthaka ya pansi pa nyanja ndi limene lajambulidwa bwino pa mapu. Pansi pomwepo pakudutsa nthambo za intaneti zolumikiza makontinenti, mapaipi a mafuta ndi mizati ya makina opanga magetsi a mphepo, zonse zofuna kuyenderedwa.

Wobwera kumene pa ntchitoyi amapeza makompyuta amphamvu kuposa amene oyambitsa ankawalota, koma mwambo wake sunasinthe. M'mawa bwato limatuluka pa Fore River, loboti ili chigonere kumbuyo. Mmodzi amawerenga mndandanda, wina amayankha chiwalo ndi chiwalo: mabatire, chopalasira, chitsulo chotaya, nyali, wailesi. Akatha amaitsitsa m'madzi, imayenda pang'ono pamwamba, imaloza mphuno pansi, n'kuzimirira. Kuyambira pamenepo palibenso woigwira dzanja. Zonse zimene anthu a pa MIT, a ku Monterey, a ku Cambridge ndi a ku Quincy anaphunzira kwa zaka zoposa 30 zili m'kati mwake, ndipo a m'bwato amayang'ana wotchi, kudikira kuti mwana amene amutuma abwere ndi yankho.